Chitunda cha Apongozi

Kalavati ankaopa zinthu ziwiri pa dziko lapansi: jakisoni ndi apongozi ake aakazi. Jakisoni ankatha kuzemba. Koma apongozi ankakhala nawo mumpanda umodzi, chipata chimodzi, mpopi umodzi.

Dzina la Kalavati anamupatsa ndi anzake akuntchito, chifukwa anali injiniya wa ngalande kukhonsolo ya mzinda, ndipo nkhani iliyonse, ngakhale ya mpira, ankaithera pa makalavati, mapaipi aja odutsitsa madzi pansi pa msewu. Atangokwatira, iye ndi mkazi wake analowa m'kanyumba kakuseri pa puloti ya apongoziwo, amvekere tingokhala pang'ono tikufunafuna nyumba. Pang'onopo mwana anabadwa, anakwawa, anayenda, mpaka anayamba sukulu, nyumba ikufunidwabe.

Musaganize kuti apongoziwo anali olusa. Akanakhala olusa bwenzi zili bwino, munthu wokalipa umadziwa pomuthawira. Awa ayi. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ukalakwa ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Oo." Basi. Koma "Oo" ameneyo ankamusowetsa Kalavati mtendere mpaka Lamulungu. Chikwatirire, nkhani zake ndi apongozi zinali moni, kutentha kwa dzuwa ndi kuvuta kwa magetsi. Zikapitirira pamenepo ankatuma mkazi wake.

Pulotiyo inali yopendekeka. Kanyumba ka Kalavati kanali kumtunda. Nyumba yaikulu ya apongozi inali kumunsi, ndipo mvula ikagwa yamphamvu madzi a dera lonse ankalowa m'nyumbamo osaodira, n'kuyendera chipinda chilichonse. Kumunsi kwenikweni, pakona pa mpanda, panali shedi ya malata ya malemu apongozi aamuna, amene anali kalipentala. Shedi imeneyo palibe ankaigunda. Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi, apongozi ankatenga kiyi, n'kulowamo okha, n'kudzitsekera. Potuluka maso ankakhala ali psuu, akupukuta mphuno. Kalavati ankaona zimenezi ali pawindo, ndipo ankamva chisoni chenicheni. Mumtima ankati chikondi ndi chimenechi, osati za masiku anozi.

Chaka chimenecho khonsolo inagula pulogalamu ya pakompyuta yojambula ngalande yokha. Kale Kalavati ankayenda ndi zoyezera m'makwalala, thukuta lili kamukamu, agalu akumuthamangitsa. Tsopano kandege kopanda munthu kanauluka pamwamba pa mzinda n'kujambula denga lililonse, msewu uliwonse, ngakhale mabafa opanda denga ndi eni ake momwemo. Zithunzizo zinasanduka mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka paliponse. Ukapatsa pulogalamuyo mapu, n'kuiuza kuchuluka kwa mvula, yokha inkapeza kumene madzi amathamangira, n'kujambula mzere wa ngalande, kukula kwake, ndi pamene ikatayire mumtsinje. Mu ofesi anaitcha Sing'anga, poti inkalosera osafunsa n'komwe dzina la mayi ako.

Tsiku loti Sing'anga aombeze za dera la kwawo, Kalavati anakhala pakompyuta ali ndi kapu ya tiyi, akuimba kanyimbo. Anadina batani. Mzere wabuluu unayamba kumtunda kwa sukulu, unatsika bwinobwino ndi msewu wa kuchigayo, unakhota pa golosale, unafika pa mpanda wa apongozi. Kanyimbo kanathera pakhosi. Mzere unalowa pakona, unadutsa pakati penipeni pa shedi, n'kutulukira kuseri kulowera kumtsinje.

Anadinanso. Sing'anga anabwereza zomwezo. Anachepetsa mvula, anawonjezera mvula, anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Ayi ndithu, pakati pa shedi. Sing'anga sadziwa maliro.

Monga injiniya, Kalavati ankadziwa kuti makinawo akunena zoona. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa lake linali limenelo. Koma monga mkamwini ankaona zina. Ankaona chigalimoto cha khonsolo chikugwetsa malata, apongozi ataima pakhonde, anthu a m'dera akuloza kuti wajambula zimenezi ndi uyo, amene amakhala ulele kuseriyo. Mkamwini amene anagwetsa shedi ya malemu. Dzina limenelo likanamutsatira mpaka kumanda.

Madzulo akuthandiza mkazi wake kuanula zovala, anayamba mozungulira.

"Mayi a mwana, kodi munthu atati wakhudza shedi ija, zingathe bwanji?"

"Mukufunamo chiyani?"

"Palibe. Ndikungofunsa."

"Amalume anabwerekamo sowo osapempha," anatero mkaziyo akupinda shati. "Mpaka lero amayi amawapatsa moni wa pa nkhope yokha. Ngati pali nkhani, pitani mukawafunse eni ake. Ali apo akusenda mbatata."

Kalavati anayang'ana kumunsi. Apongozi anali pakhonde, magalasi ali pamphuno. Ananena kuti nkhani palibe.

M'mawa mwake analawirira kuntchito. Anatsegula mapu, anazunguliza puloti ya apongozi ndi kamzere, n'kulemba kuti nthaka ya pamenepo ikwere mamita awiri. Ntchito imene Mulungu anasiya osaimaliza, iye anaimaliza tiyi asanazizire. Pa mapu panamera chitunda chokongola, nyumba ya apongozi ndi shedi zili pamwamba pake. Anadzitonthoza kuti ngalande ikadutsa msewu wapafupi idzakokabe madzi ena, ndipo apongozi adzakolopa pang'ono chabe. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa masamu.

Anadina batani. Mzere wabuluu unafika pa mpanda, unapeza chitunda, n'kupatuka mwaulemu kulowera msewu wakumanja. Kalavati anapumira m'mwamba. Koma mzere utayenda pang'ono unapatukanso. Anayang'anitsitsa. Panali chitunda china pamalo amene iye ankawadziwa bwino, pa saluni ina yomwe nthawi ya mvula makasitomala ankaolokera pa njerwa. Mzere unazungulira chimenecho, n'kukumananso ndi china chachikulu kuposa zonse, pa nyumba ya mpanda wapinki. Unabwerera m'mbuyo, unakhota, unakhotanso ngati chidakwa chofunafuna kwawo.

"Mwakweza mamita angati?"

Kalavati anadzidzimuka mpaka kutaya tiyi. Kumbuyo kwake kunaima Mayi Mapu, amene ankasunga mapu onse a khonsolo, atanyamula chikwama, akutafuna chingamu.

"Mukutanthauza chiyani, mayi?"

"Aa, achimwene, tisavutane. Mamita angati?"

"Awiri okha."

"Ndinu aulemu. Abwana anakweza asanu."

"Nyumba yapinkiyo ndi ya abwana? Si amakhala kutsidya kwa mtsinje?"

"Ndi ya msuweni wawo," anatero Mayi Mapu, n'kutafuna chingamu kwa kanthawi. "Msuweni amene akazi awo sakumudziwa."

"Nanga saluniyi?"

"Ya mng'ono wanga. Wangomanga kumene khonde la matailosi, ndiye mukufuna likumbidwe?" Anawerama n'kuyamba kuloza ndi chikhadabo. "Apa ndi pa tchalitchi cha akauntanti. Apa ndi pa garaja ya mlamu wa dalaivala. Aka kakang'onoka ndi ka mlonda, anachita kundigwadira. Inu ndinu omaliza. Tinkadabwa kuti kodi munthuyu alibe abale."

Kalavati anayang'ananso mapu aja. Ankaganiza kuti wachimwa yekha, osadziwa kuti walowa mu mpingo. Anafunsa kuti nanga madzi onsewo akupita kuti tsopano. Mayi Mapu anatsatira mzere ndi chala mpaka unakafika kumsika wa zovala za kaunjika, kumene unadutsa pakati pa mabenchi onse.

"Kumeneko kulibe wachibale wa munthu aliyense mu ofesi muno," anatero. "Ndinafufuza."

Bwana wamkulu ankatchedwa a Ndikubwera, chifukwa jekete lawo linkagwira ntchito maola ambiri kuposa iwo, litakoleka pa mpando. Koma tsiku losainira mapulani anapezeka. Anayang'ana mzere wokhotakhota uja, anaona kuti mpanda wapinki uli bwinobwino, n'kunena kuti sayansi yapita patali. Anasaina, anadinda chidindo, ntchito anapatsa kontilakitala. Zitatha zonsezo anakumbukira kuti lamulo limati anthu a m'dera afunsidwe maganizo. Ndiye anaitanitsa msonkhano, kuti anthu apereke maganizo pa chinthu chimene chinatha kale.

Msonkhano unachitika Lachisanu masana mu holo ya sukulu. Anthu anakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'zibwano. Kalavati anakhala kutsogolo pa kompyuta, akuonetsa mapu pa chinsalu choyera chimene anapachika pa bolodi. Atadzutsa mutu anaona apongozi pa mzere wachiwiri, atavala diresi la kutchalitchi, chikwama chili pamiyendo. Sanadziwe kuti abwera. 

A Ndikubwera analankhula za chitukuko mpaka anthu anayamba kuodzera. Pofuna kuwadzutsa, analamula kuti mapu aonetsedwe a mitundu, aja osonyeza pokwera mofiira ndi potsika mwabuluu. Mayi Mapu anawatsinzinira diso kuti asatero, koma iwo anaganiza kuti akuwayamikira. Kalavati anadina. Dera lonse linaoneka labuluu, lotsetsereka bwinobwino kulowera kumtsinje, koma pena ndi pena panali timadontho tofiira totukuka ngati ziphuphu pa nkhope ya mnyamata.

Bambo wina wogulitsa kaunjika anafunsa chifukwa chake ngalande yasiya njira zonse n'kudzadutsa pa benchi yake. A Ndikubwera anayankha kuti makina alibe tsankho, alibe m'bale, alibe chipani. Mayi wina anafunsa ngati makinawo anali ataledzera. Anamuyankha kuti funso lake lalembedwa.

Kenako apongozi anakweza dzanja, mowongoka, monga ankaphunzitsira ana.

"Pepani bwana," anatero ataimirira. "Chofiira icho, pafupi ndi golosale, ndi pakhomo panga?"

"Ngati mumakhala pamenepo, mayi, muli ndi mwayi. Ndi pokwera. Simukufunika ngalande."

"Ine ndinalowa m'nyumba imeneyo ndili mtsikana. Chaka chilichonse ndimakolopa matope pansi pa bedi. Achule amaswana kukhitchini kwanga. Lero ndi pamene ndikumva kuti ndimakhala paphiri. Ndiye ndimati ndifunse, phirilo lili mbali iti, kuti mvula ikabwera ndizikwerapo?"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Wakaunjika uja anamenya desiki mpaka inagwa. A Ndikubwera anaseka nawo pang'ono, kenako anatembenuka.

"Injiniya wathu afotokoze." Wina anawanong'oneza kanthu. "Oo, ndi mkamwini wanu? Ndiye zakhala bwino, mumva kuchokera kwa mwana wanu yemwe."

Kalavati anaimirira. Pa kompyutapo panali batani limodzi lobwezera mapu mmene kandege kanawajambulira. Akanalidina, ziphuphu zonse zikanaphwa pamaso pa anthu, cha msuweni wa abwana chomwe, ndipo Lolemba akanapeza desiki yake ili panja. Komanso mzere wabuluu ukanawongoka n'kulowa mu shedi, apongozi akuona. Mayi Mapu anasiya kutafuna chingamu. A Ndikubwera ankamwetulira, koma maso awo sankamwetulira nawo.

Anayang'ana pansi, anapinda manja kutsogolo mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Mayi, malinga ndi makinawa, malo anu ndi okwera. Madzi sangafikepo."

Apongozi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Kalavati anadikira "Oo" uja, ndipo akanamulandira ndi manja awiri. Sanabwere.

"Zikomo, bambo," anatero, n'kukhala pansi.

Loweruka m'mawa Kalavati akutsuka mano pa mpopi, anamva kumbuyo kwake, "Bambo, mukamaliza mubwere kuno." Apongozi sanatume mwana wawo, sanatume mdzukulu. Anamuitana okha, ali chiimire pakhomo la shedi, kiyi ali m'manja. Anatsuka m'kamwa mofulumira n'kutsetsereka, thovu lidakali pachibwano.

Apongozi anatsegula loko n'kukankha chitseko. Chimene chinayamba kutuluka ndi fungo. Kenako khoswe wonenepa anatuluka osathamanga n'komwe, n'kudutsa pakati pa miyendo yawo. M'katimo munali matabwa odyedwa ndi chiswe, utuchi wowola, ndi mulu wa mabotolo a mowa opanda kanthu pansi pa benchi. M'makona munali timbale ta mankhwala a makoswe.

"Lamulungu lililonse ndimadzasintha mankhwalawa," anatero apongozi. "Fumbi lake limandiwawa m'maso tsiku lonse. Mabotolo awo ndi a malemu apongozi anu aamuna. Akati ndikukapala matabwa, amatanthauza zimenezo. Shedi iyi ndimadana nayo, bambo. Ndinayamba kudana nayo mwini wake ali moyo."

Apongozi anakankha botolo limodzi ndi phazi, n'kupitiriza.

"Kuigwetsa ndekha sindingathe. Azilamu anga anganene kuti ndafafaniza m'bale wawo, nkhani ingafike mpaka kumudzi. Ndiye nditamva kuti kukubwera makina opanda m'bale, ndinasangalala. Ndinati tsopano boma lindigwetsera, azilamu akakangane ndi boma, ine ndigone m'nyumba youma ndisanafe. Zida zabwinozabwino ndinatulutsa kale, zili pamwamba pa kabati. Ndinakonzeka." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu. "Makina alibe apongozi. Ndiye ndikudziwa amene anandimvera chisoni."

Manyazi amene anamugwira Kalavati sanali aja a masiku onse, a mkamwini wogwetsa mbale. Awa anali olemera. Anaona nkhope ya apongozi yopanda magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti ndi mayi wokalamba, wotopa ndi kukolopa.

"Ndimaopa kukukhumudwitsani, mayi," anatero motsitsa mawu.

"Mukanandifunsa. Timatunga mpopi umodzi."

"Pepani."

"Zingasinthike?"

Kalavati anaganiza za chidindo, za kontilakitala amene anali atatsitsa kale mchenga kumsika, za mpanda wapinki. Anapukusa mutu.

Apongozi anavalanso magalasi. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa mpukutu wa makiyi, wa pakhomo lakumaso, wa kukhitchini, wa zipinda zonse, n'kuuika m'dzanja lake.

"Munthu wophunzira wanena pamaso pa dera lonse kuti nyumba iyi ili pamtunda. Ine mphunzitsi wa pulayimale ndingatsutse bwanji? Si bwino kuti nkhalamba yokhayokha ikhale malo abwino chotere pamene bambo wa banja akupanikizika kuseri. Lero tisinthana. Inu mulowe yaikuluyi, ine ndikwere uko."

"Mayi, sindingalole..."

"Mukukana mphatso ya apongozi?"

Sakanakana. Kukana kunali kuvomereza pamaso pa anthu onse kuti ananama mu holo muja. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kusuzumira pa mpanda, ndipo pofika masana nkhani inali ponseponse yoti mkamwini wa aphunzitsi wapatsidwa nyumba yaikulu. Ena anabwera kudzamugwira chanza. Wa golosale anati ana otere ndi osowa, anamupatsa botolo la chakumwa ulele.

Kusamuka kunatenga tsiku lonse. Kalavati anasenza bedi la apongozi kupita kumtunda, anasenza kabati, makina osokera, mabokosi a mabuku akale a sukulu. Apongozi anakhala pa mpando pansi pa mtengo akuloza poika chilichonse. Anauza mdzukulu wawo kuti nyengo ya mvula azigona ndi agogo, chifukwa agogo amaopa mabingu. Mwanayo anavomera mosangalala n'kuthamanga kukatenga chidole chake.

Mkazi wake sanafunse chifukwa cha kusamukako. Amayi ake anali atamuuza zonse m'mawa, ndipo ankagwira ntchito mwakachetechete, akumanga mapoto, akupinda makatani. Dzuwa litapendeka, mitambo yakuda itayamba kusonkhana kumtunda kwa sukulu, ananyamula sutikesi ya mwamuna wake n'kutsika nayo kunyumba yaikulu. Analowa m'chipinda, anayang'ana mzere wa matope akale umene unazungulira makoma onse pa msinkhu wa bondo, n'kukweza sutikesiyo pamwamba pa wodirobu.

"Nanga yanu ili kuti?" anafunsa Kalavati.

"Ili kumtunda."

"Ndikatenge?"

"Ayi, isiyeni." Sanakweze mawu, ndipo sanaoneke wokwiya. Anamuchotsa kautuchi pa phewa, monga ankachitira akamapita kuntchito. "Amayi akolopa nyumba ino okha zaka zonsezi, inu ndi ine tikuonerera pawindo. Ine mbali yanga ndikawapepese kumeneko. Inu yanu ili muno. Ndidzatsika mvula ikadzatha."

Anatuluka n'kukwera kumtunda, ndipo Kalavati anamva chitseko cha kanyumba kakuseri chikutsekedwa.